Mmene Marelvis Anapulumutsira Akamba ku Miphika ya Sabata Loyera

Marelvis Atencia Polo ndi mwana wachiwiri wa Wilfrido Atencia, yemwe ndi mwana wanga woyamba, ndi malemu Enilsa Polo, mkazi amene ankasoka madiresi a ukwati kuseri kwa msika. Iyenso ali ndi ana ake awiri, Dairo amene amakonza njinga zamoto ndi Yuranis amene akuphunzira unamwino. Bambo a anawo sindiwatchula, sanachite kanthu koyenera inki yanga. Ine ndine Tomasa, agogo ake, ndipo ndikulemba chifukwa anthu ayamba kale kuikhotetsa nkhaniyi, ena mpaka akuti nzeru zonse zinali za khonsolo. Ine ndinalipo, ndipo maso anga akadaona.

Ntchito yake ndi yosesa m'paki ya kutsogolo kwa tchalitchi kuno ku Villa Crisanta. Wasesa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu anailekeza panjira amayi ake atadwala, koma kuwerenga amawerenga, ndipo dzanja lake polemba ndi looneka bwino kuposa la akalaliki ambiri amene ndawaona.

Pakati pa pakiyo pali khola la akamba. Kale nyumba iliyonse kuno inali ndi kamba wake kuseri, woyenda pakati pa nthochi ndi nkhuku, chifukwa kamba amasunga mwayi wa pakhomo. Kugulitsa sungamugulitse, kupatsa mnzako sungamupatse, ukatero mwayi wapita naye. Tsono anthu atayamba kuthira simenti m'mabwalo mwawo ndi kumanga zipinda za lendi pamene panali nthochi, anasowa kowaika. Munthu wina anaganiza zokamusiya wake m'khola la m'paki, pafupi ndi tchalitchi, kuti akhalebe wake koma azidya za boma. Anamulemba dzina la banja pachigoba ndi utoto wa zikhadabo. Ena anatengera. Lamulungu potuluka ku misa mabanja ankaima pa mpanda kufunafuna wawo, kumuloza kwa ana, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo kuti mwayi ukadali moyo.

Kholalo linamangidwira akamba makumi atatu. Pofika chaka chatha anali atapitirira mazana anayi. Ankakwerana ndi kugudubuzana, ndipo wina akagwa chagada padzuwa la masana ankafera pomwepo. Mazira ankaswedwa tsiku lomwelo aikiridwa. Ambiri anali ndi zilonda m'miyendo. Nyengo ya mvula fungo linkafika mpaka pa guwa la ansembe.

Kudyetsa akamba sikunalembedwe m'kalata ya ntchito ya Marelvis. Palibe amene anamutuma. Koma m'mawa uliwonse asanagwire tsache, Marelvis ankapita kumsika ndi wilibala kukapempha masamba otsala, mapapaya ofewa ndi makoko a mavwende. Ogwa chagada ankawatembenuza, azilonda ankawatsuka ndi madzi a mchere. Amuna osewera domino pansi pa mtengo wa mango ankamutchula kuti mayi wa akamba, n'kumamufunsa kuti ayamba liti kuwayamwitsa. Iye ankawayankha kuti akamba ake, ngakhale ndi aulesi, amasuntha pamalo kawiri pa tsiku, zimene iwo sanazichitepo chichokereni pa ntchito. Ine ndinamuchenjeza kangapo kuti kamba amanyera amene wamutola. Ankangoseka, amvekere agogo, manja amasambika.

Kenaka anthu oteteza nyama anakadandaula ku khoti la ku boma, ndipo khoti linalamula khonsolo kuti akambawo achotsedwe m'paki mwezi wa Malichi usanathe, abwezedwe kutchire. Woweruza anali mayi, a Amparo Cifuentes, wobwera kumene kuchokera kumapiri kozizira. Munthu wabwino, wophunzira, koma mlendo. Anayang'ana pa kalendala ya khoti, sanayang'ane ya tchalitchi. Chaka chimenecho Sabata Loyera linagwera kumapeto kwenikweni kwa Malichi.

Amene amayang'anira mapaki ku khonsolo ndi a Nicanor Berrío, munthu wa nsapato zoyera. Iwo anapeza njira yachidule. Lole imodzi, ulendo umodzi, Loweruka loti mawa lake ndi Lamulungu la Kanjedza, kukawakhuthula onse m'dambo la kuseri kwa mudzi wa La Chepita. Anaitanitsa ndi bandi yomwe, kuti meya ajambulitse akutsanzika akamba. Marelvis atamva anakondwera poyamba. Ankati bola ana ake akapeze malo otambasulira miyendo.

Chimwemwecho chinatha Lamulungu lina masana, patebulo panga. Tinkadya mpunga wa kokonati ndi nsomba, ine, Wilfrido ndi Marelvis. Wilfrido anali atangobwera kuchokera ku La Chepita kokacheza ndi Eustorgio. Eustorgio ameneyu ndi mnzake wa paubwana, anakulira limodzi, anawedza limodzi, ndipo ndi iyeyo amene anamunyamula Marelvis pa ubatizo. Awiriwa amatchulana kuti kompadire, ndipo kuno mawu amenewo ndi olemera kuposa mbale wa bere limodzi. Wilfrido anayamba kufotokoza akuseka kuti ku La Chepita kuli chikondwerero chisanafike. Eustorgio wabwereka agalu anayi osaka, matumba atha m'sitolo, amayi akupala kale kokonati. Tsiku ndi malo akuzidziwa, dalaivala wa lole anawauza. Wilfrido anatinso kompadire wake wamulonjeza akamba khumi onenepa.

Sindibisa, ifenso tinadyapo. Sabata Loyera mpingo umaletsa nyama, ndipo makolo athu anagamula kalekale kuti kamba si nyama. Lachinayi ndi Lachisanu Loyera nyumba yopanda mphika wa kamba inkachita manyazi. Ineyo ndinaphika zaka zambiri, ndipo wanga ankautama. Lamulo linaletsa kale, zikwangwani zili paliponse, koma chaka ndi chaka udzu wa m'madambo umatenthedwa kuti akamba atuluke, ndipo apolisi nawonso ali ndi amayi awo amene amaphika.

Marelvis anaika supuni pansi. Anawafunsa bambo ake ngati akunena akamba a m'paki.

"Nanga ena ati, mwanawe? Boma likutibweretsera ndiwo mpaka pakhomo. Ukufuna tikane?"

"Ababa, amene aja sadziwa n'kuthawa komwe. Akaona munthu amabwera okha, amayesa ndi ine ndabwera ndi mapapaya."

"Ndiye agaluwo apumula," anatero Wilfrido, n'kupitiriza kudya.

Mwana wanga si munthu woipa. Anangolankhula monga alankhulira mwamuna aliyense wa msinkhu wake kuno. Koma ndinaona nkhope ya mdzukulu wanga, ndipo ndinadziwa kuti nkhaniyi sithera patebulo.

Lolemba m'mawa anapita ku ofesi ya a Nicanor ali ndi yunifolomu yake yosesera. Anawauza zonse, osatchula dzina la munthu. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti ulendowo udikire Pasaka idutse. A Nicanor anamuuza kuti tsiku linaikidwa ndi khoti, ndipo iwo sakufuna kumangidwa chifukwa cha akamba. Akambawo akangotsika m'lole si a khonsolonso, ndi a Mulungu. Anawonjeza kuti masamba a mango akumudikira panja, ndipo tsache silisesa lokha.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Marelvis anang'amba mapepala awiri m'kope, nakhala pa benchi la m'paki, nalemba kalata yopita kwa woweruza. Loya analibe. Anali atamva pa wailesi kuti munthu wamba aliyense akhoza kulembera khoti akaona kuti chigamulo chikuyendetsedwa mokhota, ndipo anagwira mawu amenewo. Ine ndinaiwerenga kalatayo asanaitumize. Inalibe mawu akuluakulu. Inangoti, amayi woweruza, munalamula kuti akamba abwezedwe kutchire kuti akhale ndi moyo, koma tsiku limene lasankhidwa likuwapititsa mumphika. Anakwera basi ya maola awiri, nakaipereka yekha kwa kalaliki wa khoti, nabwerera kudzamaliza kusesa.

Patapita masiku atatu kunabwera uthenga woti woweruza afika Lachitatu kudzaona okha, ndipo adzamva mbali zonse m'paki momwemo. Lachitatulo tauni yonse inabwera. Osewera domino anasiya tebulo lawo kuti pakhale woweruza. Anthu a ku La Chepita anabwera pa njinga zamoto kudzamva za ndiwo zawo. Wilfrido anaima kumbuyo pamodzi ndi Eustorgio, onse atavala zipewa zawo za mlaza. Ine anandipatsa mpando kutsogolo, monga mwa zaka zanga.

A Cifuentes anayamba ndi khola. Analowa ndi nsapato zawo zakuofesi, nazungulira, naweramira kamba wina wa mwendo wotupa. Anafunsa tanthauzo la zolemba zofiira pazigoba, ndipo Marelvis anawafotokozera. Anawauza wa banja la Meza, wa banja la Arrieta, amene amadya kwambiri, amene sakuonanso diso limodzi. Woweruza anafunsa kuti dokotala wa nyama anafikako liti komaliza. A Nicanor anayang'ana loya wa khonsolo, loya anayang'ana mapepala ake.

Woweruza atakhala pansi, loyayo analankhula nthawi yaitali. Mfundo yake inali yakuti kudya kamba n'koletsedwa, chilango chake ndi ndende, zikwangwani zinakhomedwa, choncho palibe amene angadye. Anati kalata ya wosesa ndi mphekesera zonyozetsa anthu aulemu a ku La Chepita. Anthu anayang'ana pansi, ena akuluma milomo kuti asaseke. Palibe amene anatsutsa. Ndani akanaimirira kunena pamaso pa woweruza chimene agogo ake amaphika?

Woweruza anatembenukira kwa Marelvis. Anamuuza mofatsa kuti kalata yake yawakhudza, koma khoti silisintha chigamulo chifukwa cha zongomva. Ngati palibe munthu amene anaona ndi maso kapena kumva ndi makutu ake, lole inyamuka Loweruka monga zinakonzedwera.

"Mayi Atencia, zimenezi anakuuzani ndani?"

Ndinamuona Marelvis akupotokola nsalu ya yunifolomu yake ndi zala. Anayang'ana khola, kenaka anayang'ana kumbuyo kwa gulu. Ine ndinadziwa kumene maso akewo akupita. Mawu a patebulo la banja satuluka panja, umu ndi mmene ndinawalerera onse.

"Anandiuza bambo anga, amayi. A Wilfrido Atencia. Ali apo."

Gulu linapatuka lokha. Wilfrido anatsala poyera, Eustorgio ali pambali pake. Woweruza anamuitana. Mwana wanga anayenda pang'onopang'ono, navula chipewa, nachigwira pachifuwa. Woweruza anamuuza kuti alumbire, analumbira. Ndinali ndisanamuonepo atatuwa chotero chimwalirireni mkazi wake. Akanatha kunena kuti anali kungocheza, kapena kuti mwanayo sanamve bwino. Anthu onse akanamuthandiza bodzalo, ndipo Marelvis akanakhala wabodza pamaso pa tauni yonse, mwinanso ntchito ikanamuthera.

Wilfrido anayang'ana mwana wake kamodzi, osamwetulira. Kenaka anati, "Mwanayu sanama, amayi. Sanayambe wanamapo. Agalu ndawaona, ndi anayi. Matumba ndawaona. Ineyo anandilonjeza khumi, ndipo ndinavomera."

Woweruza anafunsa kuti anamulonjeza ndani. Wilfrido anapempha kuti asatchule dzina. Woweruza anamukumbutsa kuti walumbira. Wilfrido anatchula. Eustorgio analavula pansi, nayang'ana Wilfrido, nanena mawu amodzi okha oti, "Zikomo, kompadire," n'kukwera njinga yake.

Zitatero, pakamwa pa anthu panamasuka. Mayi wina wogulitsa khofi ananena kuti nawonso a kwawo akonza miphika. Mmodzi wa osewera domino anati akamba mazana anayi amenewo sakanaona Loweruka Loyera ngakhale mmodzi. Woweruza anafunsa ngati n'zoona kuti kuno kamba sawerengedwa ngati nyama, ndipo gulu lonse linavomera pamodzi ngati mu misa. Woweruzayo anavula magalasi, napukuta kumaso, nanena poyera kuti kulakwa koyamba kunali kwawo, poika tsiku osafunsa eni dera. Ine pa zaka zanga zonsezi ndinali ndisanamvepo munthu wa boma akunena mawu otero.

Chigamulo chatsopano anachiwerenga pomwepo. Kamba aliyense asatuluke m'paki mpaka Pasaka itadutsa, ndipo apolisi awiri alondere khola Sabata Loyera lonse. Dokotala wa nyama aone mmodzimmodzi, ndipo odwala achiritsidwe kaye asanasakanizidwe ndi a kutchire. Dambo la La Chepita aliiwale. Akambawo apite ku nkhalango yotetezedwa ya m'munsi mwa mapiri, kumene kuli mpanda ndi alonda, ndipo apite pang'onopang'ono, m'mabokosi, osati kukhuthulidwa ngati mchenga. Ulendo uliwonse pakhale munthu wa khoti woperekeza. Pomaliza anati pepala lililonse la ulendo lisalandiridwe ku khoti ngati palibe siginecha ya Marelvis Atencia Polo, popeza ndi iye yekha amene akuzidziwa nyamazo. A Nicanor anafunsa ngati n'zololeka kuti wosesa asainire mapepala a khonsolo. Woweruza anawayankha kuti kuyambira lero n'zololeka.

Ntchitoyo inatenga miyezi itatu. Dokotala anabwera, mtsikana wamng'ono thupi koma wolimba, ndipo iye ndi Marelvis ankagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Utoto wa zikhadabo anautsuka, aliyense anapatsidwa nambala. Akalipentala anakhoma mabokosi okhala ndi mabowo, pansi poyala udzu wonyowa. Mabanja anabwera kudzatsanzika. Panali kudandaula ndithu, ena ankafunsa kuti nanga mwayi wa pakhomo upita kuti. Marelvis ankawauza kuti kamba sanagulitsidwe ndipo sanaperekedwe kwa munthu, wangosamukira kumalo abwino, ndiye mwayi sunachoke m'banja. Ankawalembera nambala ya kamba wawo pa kapepala. Ndikudziwa nyumba zingapo zimene kapepalako anakaika kuseri kwa chithunzi cha Maria Virigo.

Tsiku lina Marelvis anabweza lole yonse. Mabokosi anali atapakidwa mothinana, dzuwa litakwera kale, ndipo anakana kusaina. A Nicanor anakalipa, anaopseza, anaimba mafoni. Munthu wa khoti anangopinda manja n'kunena kuti popanda siginecha lole siyenda. Mapeto ake a Nicanor eniakewo anagwira nawo mabokosi kuwatsitsa, nsapato zoyera zikuponda m'matope a khola. Osewera domino anaimitsa masewero kuti aonerere bwino, ndipo mmodzi anawalangiza kuti anyamule ndi mawondo, msana ungawapweteke.

Ulendo womaliza ndinapita nawo. Anandikweza kutsogolo kwa lole, pakati pa dalaivala watsopano ndi munthu wa khoti. Kunkhalangoko kuli mithunzi, timitsinje ndi zipatso zogwa zokha. Marelvis anatsegula mabokosi limodzilimodzi. Akamba ena anakhala osasuntha nthawi yaitali, mitu ili m'kati. Kenaka anayamba kutuluka, uyu uku, uyu uko, aliyense njira yake, popanda wokwera mnzake. Mwa onse aja, atatu okha ndi amene anafa, ndipo anali odwala kale asanagwiridwe. M'paki munatsala makumi awiri okalamba kwambiri ndi akhungu, amene dokotala anati sangadzisamale kutchire, ndipo tsopano ali ndi malo okwanira, madzi ndi mthunzi. Kudyetsa akamba kunalembedwa m'kalata ya ntchito ya Marelvis. Woweruza anamutumizira kalata yothokoza, yokhala ndi chidindo, imene ili pakhoma kwanga kuno chifukwa iye akanangoiponya m'kabati. Meya anajambulitsa ndithu, koma aliyense wa ku Villa Crisanta akudziwa dzina limene lili pansi pa mapepala aja.

Ameneyo ndiye mdzukulu wanga. Wosesa, inde, ndipo mpaka lero akusesa.

Chatsala ndi ichi. Khoti litatha, apolisi anapita kwa Eustorgio, nalanda matumba ndi misampha, namulembera chenjezo pamaso pa akazi ake ndi adzukulu. Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo pa Wilfrido. Akakumana kumsika amawoloka msewu. Ubwenzi wa zaka makumi asanu ndi limodzi unathera pa mawu a mphindi ziwiri. Wilfrido Loweruka amakhala pakhonde yekha, mbedza zake zili pakhoma zikuchita dzimbiri. Sanamukalipire mwana wake, sanamufunse chifukwa chake anatulutsa za patebulo osayamba wamupempha. Nkhaniyo saitchula n'komwe.

Marelvis nayenso saitchula. Amawachapira bambo ake, amawatengera nsomba yokazinga ndi chinangwa, mwezi watha anawagulira chipewa chatsopano. Ine ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti chipewa si mawu. Munthu uja anataya mbale wake kuti iwe usatchedwe wabodza, ndipo uyenera kupita kukaima pamaso pake, unene pepani, unene zikomo, zonse ziwiri. Anandiyankha kuti akudziwa, agogo, akudziwa, koma akangofika pakhonde paja amayamba kukamba zina. Mtsikana amene anayankha woweruza tauni yonse ikumva akulephera kutsegula pakamwa kwa bambo ake omubala.

Lamulungu lapitali anadyanso kwanga onse awiri. Anakamba za mvula, za njinga za Dairo, za mayeso a Yuranis. Ndinawasiya okha patebulo dala, n'kukakhala kukhitchini nthawi yaitali ndikutsuka mphika woyera kale. Nditabwerera ndinapeza Wilfrido akusenda lalanje, Marelvis akusonkhanitsa mbale. Sananenebe.